Zitsulo zosamvera malamulo a m'buku: mayunivesite athu aziphunzitsa ndi kuziyeza okha

Chaka chilichonse mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku mayunivesite aboma akangotuluka, mkangano umodzimodzi umabuka kuno ku Mangochi, pa wailesi, pa Facebook, ngakhale m'mashopu ogulitsa mawaya ndi mabatire pa boma. Makolo amafunsa kuti mwana wopita kukachita Physics ku Zomba adzadya chiyani, pamene mnzake wophunzira kukoka mawaya m'nyumba ayamba kugwira ndalama chaka chisanathe. Ena amapitirira pamenepo n'kunena kuti dziko losauka ngati lathu lisamataye ndalama pa sayansi yozama, mayunivesite azingophunzitsa zoyatsa babu lero. Ine sindikugwirizana nawo. Ndasankha dala nthambi ya sayansi yooneka ngati ili kutali kwambiri ndi moyo wathu, ya zitsulo zimene magetsi amayendamo mosatsata malamulo a m'mabuku, ndipo ndikunena kuti UNIMA, MUST ndi MUBAS ziyenera kuiphunzitsa, komanso iliyonse ikhale ndi tebulo la zida zoyezera zitsulo zoterozo. Chifukwa changa ndi ichi: munthu amene waphunzira kuyeza ndi manja ake pamene lamulo la m'buku limathera ndi yemweyo amene angatiuze ngati waya tagula ndi mkuwa weniweni, ndiponso ndi yemweyo amene angamvetse ntchito ya miyala imene dziko lino likukonzekera kukumba ndi kutumiza kunja.

Tiyambe ndi zimene wamagetsi aliyense amazidziwa, popeza popanda zimenezi chodabwitsa cha zitsulo zachilendo sichingaoneke. Mu waya wa mkuwa magetsi amanyamulidwa ndi ma elekitironi. Mu 1900 Paul Drude anafotokoza kuti elekitironi iliyonse imathamanga payokha, n'kugunda china chake, n'kuyambanso ulendo, ndipo kugundaku ndiko kumabweretsa resistance, kuja kuumira kwa waya kumene kumasandutsa gawo la magetsi kukhala kutentha. Mu mkuwa wa pa madigiri 20 elekitironi imayenda ma nanometer pafupifupi 40, kudutsa maatomu oposa 100, isanagunde kanthu. Waya akatentha maatomu amanjenjemera kwambiri, kugundana kumachuluka, ndipo resistance imakwera ndi 0.39 peresenti pa digiri iliyonse. Akazizira kwambiri kunjenjemerako kumazirala msanga, resistance imagwa n'kukakhazikika pa mlingo umene zinyalala za m'chitsulomo zalola. Mu 1956 ndi 1957 Lev Landau anafotokoza chifukwa chake chithunzi chophwekachi chimagwira ntchito ngakhale kuti ma elekitironi amakankhana okhaokha: kukankhanako kumangoisintha elekitironi kulemera, koma imakhalabe chinthu chimodzi chowerengeka. Chithunzi chimenechi chimalonjeza zinthu ziwiri zoyezeka. Choyamba, kukazizira kwambiri, gawo la resistance lobwera chifukwa cha kugundana kwa ma elekitironi okhaokha limawirikiza kanayi pamene kutentha kwawirikiza kawiri. Chachiwiri, kukatentha kwambiri resistance iyenera kuyamba kusiya kukwera pamene mtunda wa pakati pa kugunda ndi kugunda wafupika kufika pa mpata wa atomu ndi inzake, popeza sungafupike kuposa apo. Malire amenewa ali ndi mayina a Mott, Ioffe ndi Regel, ndipo zitsulo ngati Nb3Sn, chosakaniza cha niobium ndi tin, zimawamvera: mzere wa resistance umakwera, umapindika, n'kuyamba kugona.

Tsopano pali gulu la zitsulo zimene zimaphwanya malonjezo onse awiri. Mu 1986 Georg Bednorz ndi Alex Müller, a ku labotale ya IBM ku Zürich, anapeza kuti chosakaniza cha lanthanum, barium, mkuwa ndi okosijeni chimataya resistance yake chikazizira kufika cha m'ma 35 K, pa sikelo ya Kelvin imene ziro yake ili madigiri 273 pansi pa kuundana kwa madzi. Chaka chotsatira gulu la Maw-Kuen Wu ndi Paul Chu linafika pa 93 K ndi YBa2Cu3O7, chimene anthu amangochitchula kuti YBCO. Dziko lonse linakondwera ndi kutha kwa resistance, koma oyeza mosamala anadabwa ndi zochitika pamwamba pa kutentha kumeneko, pamene chitsulocho chidakali ndi resistance. Mu 1987 momwemo Gurvitch ndi Fiory a ku Bell Labs anaona resistance ya chosakaniza cha lanthanum, strontium, mkuwa ndi okosijeni ikukwera mzere wowongoka mpaka 1,100 K osagona, ndipo mu 1990 mzere womwewo unaoneka m'chosakaniza cha bismuth kuyambira cha m'ma 10 K mpaka 700 K. Kumunsi kulibe kuwirikiza kanayi kwa Landau, kumtunda kulibe kupindika. Chosiyanitsa zitsulozi ndi mkuwa n'chakuti ma elekitironi ake ali pothinana, ndipo mphamvu ya kukankhana kwawo ikufanana kapena kuposa mphamvu ya kuyenda kwawo. Msodzi wa ku Makanjira angazimve msanga: nsomba imodzi m'madzi apoyera mungaitsate ndi maso n'kunena kumene ikulowera, koma usipa ukadzaza m'chilimira palibenso yoyenda payokha, iliyonse ikagwedezeka yakankha zinzake. Umboni woonekeratu ndi La2CuO4, chosakaniza chija cha lanthanum, mkuwa ndi okosijeni chopanda strontium. Mwa masamu a m'buku iyenera kudutsitsa magetsi, koma sidutsitsa, chifukwa ma elekitironi atsekerezana okha. Nevill Mott ndiye anafotokoza kutsekerezana kotereku, kuchokera pa nickel oxide imene de Boer ndi Verwey anaonetsa mu 1937 kuti ikukana masamu a nthawiyo. Mukachotsamo ma elekitironi ochepa, cha m'ma 15 pa maatomu 100 alionse a mkuwa, khamulo limayamba kuyenda, ndipo kayendedwe kakeko ndiko akatswiri akukanganabe mpaka lero.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yolemera, ndipo siyenera kunyozedwa. Akuti mabanja ambiri m'boma lino alibe magetsi a ESCOM, ngakhale kuti Shire amene amazunguza makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amatuluka m'nyanja pakhomo pathu pomwe. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo amene anafunika ndi mainjiniya a madamu ndi amisiri, osati akatswiri a ma elekitironi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero, ndiye tiphunzitse ana zimene zikutiwawa lero. Yankho langa ndi lakuti otsutsawa akulekanitsa zinthu ziwiri zimene ndi luso limodzi. Taonani sola wa ma volt 12 amene wadzaza m'nyumba, m'magolosale ndi m'madoko kuyambira ku Malindi mpaka ku Monkey Bay. Munthu waika batire mamita 10 kuchokera pa pampu kapena inverter yokoka ma amp 10, ndipo wagwiritsa ntchito waya wa 2.5 mm². Magetsi amapita n'kubwerera, ndiye utali weniweni ndi mamita 20, resistance yake ndi ma ohm pafupifupi 0.14. Pa ma amp 10, ma volt 1.4 atsala panjira, kuposa gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo ma watt 14 akungofunditsa waya. Wayayo akadutsa kunsi kwa malata mu Okutobala, kumene kutentha kungafike madigiri 60, resistance imakwera ndi 16 peresenti ndipo otayika amakhala ma volt 1.6. Ngati wogulitsa anapereka waya wa aluminiyamu wokutidwa mkuwa pamwamba, amene m'maso sasiyana ndi weniweni, resistance imaonjezeka ndi theka kapena kuposa, ndipo ma volt oposa 2 amathera panjira. Inverter imalira n'kuzima, mwini wake amati batire latha, amakagula lina, vuto lili pomwepo.

Multimeter wamba singagwire chinyengo chimenechi, chifukwa zingwe zake zokha pamodzi ndi pogunditsira pake zimatha kukhala ndi ma ohm 0.2 mpaka 0.5, kuposa waya amene mukumuyezayo. Njira yake ndi ya mawaya anayi. Dulani mamita 10 a wayayo. Lumikizani motsatizana batire, babu la galimoto la ma watt 21, multimeter yoyeza ma amp ndi waya woyezedwayo. Babulo limachepetsa magetsi kufika pa ma amp pafupifupi 1.7 kuti pasapse kanthu. Kenako tengani multimeter yachiwiri, muiike pa ma millivolt, n'kuigunditsa pa waya weniweniyo kumapeto onse awiri, chamkati mwa polumikizira magetsi, osati pa zopanira. Popeza mita ya ma volt imakoka magetsi ochepa zedi, resistance ya zingwe zake sisokoneza chilichonse. Gawani ma volt ndi ma amp. Mkuwa weniweni wa 2.5 mm² upereka ma ohm 0.07, kutanthauza ma millivolt cha m'ma 120. Mukaona 180 kapena 190, dziwani kuti ndi aluminiyamu kapena waya wochepetsedwa kunenepa. Njira imeneyi ndi yomweyo imene malabotale amayezera zitsulo zachilendo zija. Chosiyana ndi chakuti kumeneko amawerenga ma microvolt m'malo mwa ma millivolt. Kuonjezera apo, abale a zitsulozi ali kale m'nyumba zathu. Ka thermistor kamene kamayeza kutentha m'mabatire ambiri a foni ndi m'ma charge controller kamapangidwa ndi ma oxide a manganese, nickel ndi cobalt, a banja limodzi ndi nickel oxide ija. Kofala kwambiri, ka ma ohm 10,000 pa madigiri 25, kamatsika kufika cha m'ma 2,500 pa madigiri 60, mosemphana ndi mkuwa. Mmisiri amene anangoloweza kuti chinthu chikatentha resistance imakwera angakataye kali kabwinobwino. Chotero funso silili pakati pa sayansi yozama ndi luso lamanja, koma loti amene akuphunzitsa amisiriwo anaphunzitsidwa ndi ndani, ndipo anayezapo chiyani.

Mfundo yachiwiri ndi ya ndalama, ndipo theka lake ndi loona. Kufufuza kwa patsogolo penipeni kumafuna helium wamadzi wa pa 4.2 K, mafiriji ofika pansi pa 1 K, ndi maginito amphamvu ngati a ma tesla 45 a ku Tallahassee ku America kapena ena a ku Toulouse ku France ndi ku Nijmegen ku Netherlands. Malawi sangagule zimenezo panopa, ndipo sindikupempha kuti agule. Komabe otsutsa amaiwala kuti gawo lalikulu la mzere wowongoka uja lili pamwamba pa 77 K, pamene nayitrojeni wamadzi amawira, ndipo nayitrojeni ameneyu ndi yemwe amasungira umuna wa ng'ombe zamkaka komanso zoyeza za m'malabotale a zachipatala. YBCO yeniyeniyo ingapangidwe ndi ophunzira a chaka chachitatu. Pa magalamu 10 pamafunika magalamu 1.69 a yttrium oxide, 5.92 a barium carbonate ndi 3.58 a copper oxide. Mumapera zonse pamodzi mu kamtondo ka m'labotale mpaka ufa ukhale mtundu umodzi, mutavala magolovesi ndi chotseka pamphuno chifukwa barium carbonate ndi poizoni. Mumaotcha ufawo m'ng'anjo pa madigiri 900 mpaka 930 kwa maola 12 kapena kuposa, n'kuperanso, n'kuupana kukhala kambulu kolimba, n'kuotchanso cha m'ma 930 mpaka 950. Pomaliza ndi pamene ambiri amaphonya: kambuluko kayenera kuzizira pang'onopang'ono mu mpweya wa okosijeni, n'kukhala maola angapo pa madigiri 400 mpaka 500, kuti okosijeni alowe mokwanira. Mukafulumira kukatulutsa, okosijeni amaperewera, malire a 93 K amatsika kwambiri kapena kusoweratu, ndipo resistance imatha kuyamba kukwera pozizira m'malo motsika. Kambulu kabwino ndi kakuda bii. Kakaoneka kobiriwira ndiye kuti mwapanga Y2BaCuO5, imene sidutsitsa magetsi, chifukwa cha kulakwitsa miyezo, kupera mosakwanira kapena kutenthetsa mopitirira. Kuno kunyanja palinso mdani wina, chinyontho, chimene chimaononga YBCO, ndiye iyenera kusungidwa m'botolo lotsekedwa muli silica gel.

Kuyeza kwake kumafuna kudekha kuposa ndalama. Mumadula kachidutswa katalikirapo, n'kumatapo timawaya tinayi ta mkuwa ndi penti ya siliva, tiwiri kumapeto todutsira magetsi, tiwiri pakati toyezera ma volt. Magetsi akhale ochepa, milliamp 1 mpaka 10, apo ayi polumikizira pamatentha ndipo chitsulocho chimakhala chofunda kuposa mmene thermometer ikunenera. Pa mfundo iliyonse muyeze kawiri, magetsi akupita uku kenako akubwerera, n'kutenga theka la kusiyana kwake, chifukwa paliponse pamene zitsulo ziwiri zosiyana zakumana ndipo kutentha sikufanana pamabadwa ma microvolt achinyengo, amene angafanane kukula ndi chimene mukufunacho. Thermometer yake ndi Pt100, ya ma ohm 100 pa madigiri 0, imene imatsika kufika cha m'ma 20 mu nayitrojeni, ndipo imangiriridwe pa kachitsulo ka mkuwa kamodzi ndi choyezedwacho. Mumatsitsa ndodo pang'onopang'ono mu nthunzi yozizira ya pamwamba pa nayitrojeniyo, digiri imodzi kapena awiri pa mphindi. Mukathamanga, mzere wa potsika ndi wa pokwera sugwirizana. Chipinda chikhale chopita mphepo ndipo chotengera chisatsekedwe kolimba, popeza lita imodzi ikasanduka mpweya imadzaza malita pafupifupi 700. Wophunzira akaika waya wa mkuwa ndi YBCO pa ndodo imodzi amaona ndi maso ake kuti resistance ya YBCO, poyerekeza kukula kofanana, ikuposa ya mkuwa koposa ka 100, ikutsika mowongoka, kenako cha m'ma 90 K ikugwa kufika pa ziro. Zofunika zonse ndi ng'anjo yofika madigiri 1,000, chopanira, gwero la magetsi osasinthasintha, mita yabwino yowerenga ma microvolt ndi chotengera nayitrojeni. Ndipo kumene nayitrojeni kulibe, kuli vanadium dioxide, imene F. J. Morin anaonetsa mu 1959 kuti imasintha mwadzidzidzi: pansi pa madigiri 68 a Celsius imadutsitsa magetsi movutikira, pamwamba pake imasanduka chitsulo, resistance n'kugwa ka 1,000 kapena kuposa m'zidutswa zopangidwa bwino. Madigiri 68 ndi a madzi a m'ketulo. Pozizira imabwerera mochedwerapo ndi madigiri angapo, ndipo kusiyana kumeneko si vuto la mita ayi, ndi khalidwe la chinthucho.

Mfundo yachitatu imachokera kwa anthu ophunzira, ndipo ndi yakuthwa kuposa zinazo. Akuti mkuwa nawonso resistance yake imakwera mzere wowongoka pa kutentha kwa tsiku ndi tsiku, ndiye chachilendo n'chiyani? Amaonjeza kuti nkhani yotchuka ya malire a Planck ingakhale masewera a manambala. Nkhaniyo ndi iyi. Mukatenga nambala ya Planck yogawidwa kale ndi 2π, n'kuigawa ndi kutentha pamodzi ndi nambala ya Boltzmann, mumapeza nthawi inayake, ma femtosecond pafupifupi 25 pa 300 K. Femtosecond ndi gawo limodzi la sekondi yogawidwa ka 1,000,000,000,000,000. Jan Zaanen anaipatsa dzina mu 2004, ndipo mu 2013 gulu la ku St Andrews ku Scotland linaonetsa kuti m'zitsulo zosiyanasiyana za mzere wowongoka, nthawi ya pakati pa kugunda ndi kugunda imayandikira nambala imeneyo. Mu 2019 gulu la Louis Taillefer ku Sherbrooke ku Canada linapeza zomwezo m'zitsulo zingapo za mkuwa ndi okosijeni. Otsutsa amati nthawi ya mu mkuwa wamba pa 300 K ilinso pafupi ndi ma femtosecond 25 omwewo, ndipo apa akunena zoona. Koma kufananako kumathera pozizira. Mzere wa mkuwa umabwera chifukwa cha kunjenjemera kwa maatomu, ndipo mukatsika pansi pa 60 kapena 70 K kunjenjemerako kumazirala, mzere umapindika n'kugona. Mu zitsulo zachilendo, mukapha superconductivity, kuja kutha kwa resistance, ndi maginito amphamvu, mzere umapitirira wowongoka mpaka pa ma K owerengeka pa zala, kumene maatomu ali duu ndipo palibe kunjenjemera kokwanira kuimba mlandu. Mu YbRh2Si2, chimodzi mwa zitsulo zimene ma elekitironi ake amaoneka olemera ka mazana kuposa elekitironi wamba, mzerewo umafika pansi pa 1 K.

Palinso maumboni ena osadalira mzerewo, ndipo ndi amene amandikhutiritsa kwambiri. Mu 1991 gulu la Phuan Ong ku Princeton linaona kuti mu YBCO kupatuka kwa magetsi chifukwa cha maginito kumachepa motsata kutentha kochulukitsidwa ndi kutentha komweko, pamene resistance ikutsata kutentha kamodzi kokha, ngati kuti m'chitsulo chimodzi muli nthawi ziwiri zosiyana za kugundana, zimene chithunzi cha Drude sichilola. Lamulo la Wiedemann ndi Franz la mu 1853 limati chitsulo chodutsitsa bwino magetsi chimadutsitsanso bwino kutentha, pa mlingo wodziwika. Koma mu 2017 ofufuza a ku Berkeley anapeza kuti mu vanadium dioxide ma elekitironi amanyamula kutentha kochepa pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi zimene lamulolo limanena. Ndipo mu 2023 gulu la Doug Natelson ku Rice University linayeza kaphokoso ka magetsi m'timawaya ting'onoting'ono ta YbRh2Si2. Magetsi akamanyamulidwa ndi tizidutswa towerengeka amakhala ndi kusinthasintha kwa mlingo wodziwika, ndipo m'timawaya ta golide mlingowo unapezeka monga mwa masamu. Mu YbRh2Si2 kaphokosoko kanali kochepa kwambiri, kusonyeza kuti chonyamula magetsi si elekitironi imodziimodzi ya Landau. Izi zikutanthauza kuti funso la mmene magetsi amayendera m'chitsulo, limene buku la Fomu 3 limayankha m'ndime imodzi, lidakali lotseguka pa gulu lonse la zinthu. Wophunzira ayenera kuuzidwa zimenezi. Kumubisira n'kumuphunzitsa kuti sayansi ndi mndandanda wa mayankho oloweza, ndipo munthu wophunzitsidwa chotero akakumana ndi mita yonena zosiyana ndi buku amakhulupirira buku.

Mfundo yachinayi imatsatira pamenepo: ngati akatswiri a mayiko olemera alephera kugwirizana kwa zaka pafupifupi 40, ife tipindulanji? Mbiri ya nkhani yomweyi ikuyankha. Heike Kamerlingh Onnes anaona resistance ya mercury ikutha ku Leiden mu 1911, ndipo kufotokoza kwake kunabwera mu 1957, patadutsa zaka 46. Lero waya wa niobium ndi titanium ndi amene amapanga maginito a makina ambiri a MRI, ojambula m'kati mwa thupi ku chipatala. Zitsulo za mkuwa ndi okosijeni zayamba kugwira ntchito chiphunzitso chake chisanathe: mu 2014 mzinda wa Essen ku Germany unayamba kugwiritsa ntchito chingwe cha kilomita imodzi, cha ma volt 10,000, chozizidwa ndi nayitrojeni wamadzi, chotha kunyamula mamegawati 40. Sindikunena kuti chingwe chotere chidzadutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi posachedwa. Ndikunena kuti tiyang'ane mayina a zinthu zimene zatchulidwa m'ndime zapitazi, kenako tiyang'ane mapu a migodi yathu. Lanthanum ndi cerium, imene ili m'zitsulo zambiri za ma elekitironi olemera monga CeCu2Si2 imene Frank Steglich anaiyeza mu 1979, zili m'miyala ya ku Kangankunde ku Balaka ndi ya ku Songwe Hill ku Phalombe. Niobium ali ku Kanyika ku Mzimba. Titanium ali mu rutile wa ku Kasiya ndiponso mu mchenga wolemera wa ku Makanjira, m'boma lathu lino. Masomphenya a Malawi 2063 amalankhula za mafakitale ndi kuonjezera phindu pa zokumba. Koma phindu la zinthu zimenezi silili pa kulemera kwake pa sikelo. Lili pa zimene zimachita zikayeretsedwa n'kusakanizidwa, ndipo kanyalala kochepa kamasintha zonse. Jun Kondo anaonetsa mu 1964 kuti maatomu owerengeka a chitsulo chokoka maginito mu golide ndi amene amachititsa resistance kuyambanso kukwera pozizira kwambiri, chinthu chimene chinazunguza anthu kuyambira m'ma 1930. Dziko lopanda anthu omvetsa chifukwa chake ogula amaumirira pa kuyera kwa 99.9 kapena 99.99 peresenti lidzakhala pa tebulo la zokambirana likungomva za ena.

Otsiriza ndi amene amati tikaphunzitsa ana zimenezi adzathawira ku South Africa kapena ku Ulaya, ife n'kutsala ndi ngongole. Ena adzapitadi, ndipo palibe chifukwa chokanira. Komabe wopita ndi luso loyeza amalandiridwa m'malabotale aja a maginito amphamvu, amene amapereka nthawi ya makina awo kwa ofufuza akunja malinga ndi ubwino wa pempho lawo, ndipo kudzera mwa iye mphunzitsi wa ku Zomba kapena ku Thyolo angatumize kachidutswa kopangidwa kuno kukayezedwa pa 4 K. Ambiri mwa omaliza Physics sapita kunja. Amakaphunzitsa m'masekondale ndi m'makoleji a ntchito zamanja, ena amalowa ku ESCOM, ku EGENCO kapena ku Malawi Bureau of Standards, kumene ntchito yoyeza mawaya olowa m'dziko iyenera kuchitikira. Mphunzitsi wotere akatumizidwa ku sekondale ya ku Namwera kapena ku Chilipa, kumene labotale ilibe zambiri, amadziwa kuti ma multimeter awiri, babu la galimoto, ka thermistor kochotsedwa mu chipangizo chakufa, mamita 10 a waya wopyapyala wa mkuwa wokulungidwa, ketulo ya madzi otentha ndi thermometer n'zokwanira kuti ana a Fomu 3 ajambule mizere iwiri pa pepala limodzi, wina wokwera ndi pafupifupi 16 peresenti kuchoka pa madigiri 25 kufika 65, wina wotsika kupitirira kanayi, kenako afunse okha chifukwa chake zinthu ziwiri zodutsitsa magetsi zikuchita zosemphana m'madzi amodzi.